Mitengo ya Pamdima

Loweruka lapitali chinakwana chaka chiwaikireni m'manda amalume anga, aDaka a ku Nangongwe. Sitinachite mwambo waukulu. Tinakalambula pamanda, tinapemphera, n'kubwerera kunyumba kukamwa tiyi. Anthu atabalalika, akazi awo, aNaZulu, analowa kuchipinda n'kutuluka ndi chinthu chachitali chokulungidwa m'chitenje chakale. Ndinachizindikira asanachimasule. Inali ndodo ya amalume yowedzera nsomba.

Manja anga anakana kutambasuka. Ine ndine mmodzi wa anthu amene anachititsa kuti ndodoyo igone zaka zinayi pamwamba pa kabati osaona madzi. Tinawaonongera dziwe lawo, ndipo mpaka tsiku limene anatisiya sanandiuze ngati anandikhululukira kapena ayi.

ADaka anabwera ku Kafue kuchokera ku Katete ali mnyamata, nalembedwa ntchito pa fakitale ya nsalu. Anakhala zaka zambiri akukonza makina oluka, mpaka phokoso linawadya makutu. Anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, wolankhula mokweza ngati makina aja akulirabe kumbuyo kwawo. Akapereka moni pamsewu, ankayankha ndi anthu a nyumba yachitatu. Fakitale itafooka anthu n'kuchotsedwa ntchito, anzawo ena anabwerera kummawa, ena anatsegula tuntemba, timaokala togulitsiramo zinthu, m'mbali mwa msewu. Iwo anatsala ndi kanyumba kawo, akazi, ana anayi, ndi ndodo ija.

Kuno kwathu nsomba si nkhani yachilendo. Mtsinje waukulu uli pomwepa, mabwato ndi maukonde zili pomwepa, ndipo munthu akati wagwira nsomba timayang'ana m'beseni. N'chifukwa chake amalume ankaoneka ngati munthu wosokonekera pang'ono. Mtsinje waukuluwo ankaufulatira. Ankakwera minibasi yolowera ku Lusaka, n'kutsika cha ku Shimabala, n'kuyenda wapansi kudutsa minda mpaka pa kamtsinje kotsika m'mapiri, kamene m'malo ena munthu wamiyendo yaitali angathe kukalumpha. Komanso sankawedza ndi nyongolotsi kapena nshima. Ankawedza ndi nthenga. M'komboni ankawatchula kuti ba Nthenga, ena moseka, ena osadziwa n'komwe kuti ali ndi dzina lina.

Anaphunzira zimenezi kwa mzungu wina amene anabwera kudzamanga makina atsopano pa fakitale. Tsiku lina mzunguyo anapana ndodo yake ndi chitseko cha galimoto, nafuna kuitaya. Amalume anatola zidutswa ziwiri zakunsonga, nasema chogwirira cha mtengo wa mukwa, nachikulunga ndi mphira wa chubu cha njinga. Ndodo inatuluka yaifupi, yongowapitirira pang'ono msinkhu. Mzunguyo anaseka, nati yafupika kwambiri, singaponye patali. Amalume ankaikamba nkhaniyi kawirikawiri, ndipo nthawi zonse ankamalizira ponena kuti mzunguyo maganizo ake anali pa mtsinje waukulu, pamene iwo anali ataona kale kamtsinje komwe ndodo yaitali singalowe.

Kawedzedwe kameneka n'kosiyana ndi kathu. Ife timaponya mtovu ndi nyambo, chingwe n'kutsatira pambuyo. Kwa iwo kumapeto kunalibe cholemera chilichonse, koma kambedza kakang'ono komangidwa nthenga kuti kaoneke ngati kachilombo. Tonse timeneti ankatitchula kuti ntchentche, ngakhale kamene kanali chiwala. Kulemera kunali m'chingwe chenichenicho, chokhuthala ngati chomangira nsapato, ndipo chingwecho ndicho chinkanyamula ntchentche kukaitula pamadzi. Chimene mzungu uja anawasiyira chitafumbwa, analuka chawo ndi ulusi wa ku fakitale, nachipaka phula la njuchi kuti chiziyandama. Kunsonga ankalumikiza nayiloni woonda kuti nsomba isachite mantha.

Ntchentchezo ankamanga pakhonde masana, atavala magalasi omangidwa ndi waya. Mbedza ankaipana ndi pulayala yakale ya kuntchito. Pambali pankakhala nthenga za nkhanga, ubweya wosolola m'bulangete, ndi kachidutswa ka patapata kothandiza chiwala kuyandama. Ankamanga nyerere yakuda, mbozi yobiriwira, ndi inswa ya nthawi ya mvula zoyamba, n'kuzisunga m'kachitini ka polishi wa nsapato.

ANaZulu sanagwirizane nazo zimenezi kwa zaka makumi atatu. Mkangano umene m'banja timaukumbukirabe unali wa tambala wofiira amene ankamusungira Khirisimasi. Mmawa wina anamupeza akuyendayenda pabwalo khosi lili ngati la muimba. Amalume anati nthenga zimaphukanso. ANaZulu anafunsa ngati ulemu wa tambala pamaso pa akazi ake nawo umaphukanso. Ndipo amalume akabwerako kumadzi ndi tinsomba titatu m'kathumba, akazi awo ankatiyala pambale n'kufunsa kuti, "Ba Daka, manje izi ni ndiwo kapena ni mankhwala?" Chimene chinkawapweteka mtima kwambiri n'chakuti amuna awo ankabweza zing'onozing'ono m'madzi, n'kudzanenanso okha kunyumba monyadira.

Anthu amene anawadziwa m'zaka zitatu zomalizira sadziwa zonsezi. Iwo amakumbukira nkhalamba yachete, yokwera minibasi ndi chigubu komanso mtolo wa nthambi zaziwisi, imene makondakitala ankaiseka kuti ikupititsa nkhuni kutchire. Ndi munthu yemweyo. Pakati pa awiriwa pali Loweruka limodzi.

Malo awo enieni pa kamtsinje kaja linali dziwe limodzi limene analitcha Pamdima. Mitengo ya tsidya lino ndi ya tsidya lija inakumana pamwamba, moti ngakhale masana a mu Okutobala pansi pankakhala pozizira, madzi akuda ngati tiyi wopanda mkaka. Pakati pa dziwelo panali mwala wafulati wotuluka pang'ono pamwamba pa madzi. Kuseri kwa mwalawo kunkabisala nsomba zonenepa zotchedwa pende, ndi nembwe, nsomba ya kamwa lalikulu yodya zinzake. Msodzi wina aliyense akanangosuzumira n'kupitirira, chifukwa panalibe poimirira ngakhale pokwezera dzanja.

Ndinapita nawo kumeneko kangapo ndili kale bambo wa ana. Tikayandikira, munthu wofuula uja ankatseka pakamwa, osatsegulanso mpaka pobwerera. Ankayambira kumunsi, popeza nsomba imayang'ana kumene madzi akuchokera. Mapazi makumi awiri omalizira ankakwawa, ndipo mathalauza awo onse anali ndi zigamba pamaondo. Ankanena kuti msodzi woimirira amawerengedwa ndi nsomba iye asanaziwerenge.

Kumbuyo kunalibe malo oti chingwe chiuluke, choncho sankachiponya kumbuyo. Ankakweza ndodo pang'onopang'ono mpaka chingwe chilendewere pambali pa phewa, kenako n'kuigwetsera kutsogolo ndi dzanja lokha, chigongono chili chete. Chingwe chinkagubuduka pamwamba pa madzi ngati mphasa ikuyalidwa. Nthambi zikakhala zotsika kwambiri, ankagoneka ndodo chammbali, pafupifupi kukhudza madzi, ntchentche n'kulowa pansi pa masamba. Koma chimene sindidzaiwala ndi cha pamalo pothina, pamene ngakhale ndodo sinkatha kugwedezeka. Ankagwira ntchentche ndi zala ziwiri popindikira pa mbedza, n'kuikokera kukhutu mpaka ndodo ipindike ngati uta, n'kuloza, n'kusiya. Chala chawo chachikulu chinali ndi zipsera za masiku amene anasiya molakwika. Akasiya bwino, ntchentche inkatera kuseri kwa mwala mofatsa ngati yadzigwera yokha kuchokera m'mtengo, madzi n'kutupa, ndodo n'kuwerama.

Komabe mitengo inkawalanda ntchentche ulendo uliwonse, ndipo ankaitukwana kuyambira pokwera minibasi mpaka pakhomo. Anali ataipatsa maina. Mkuyu waukulu wa pamutu pa dziwe unali Folomani, chifukwa umangolandira osathokoza. Kankhande wa minga yokhota wa m'mphepete anali Apongozi, chifukwa amakugwira malaya ndipo sungawayankhe. Katope wa tsidya lija analibe dzina, ankangomutcha mbala. Tonse m'banja tinakula tikumva kuti mitengo imeneyi ndi adani a amalume.

Zaka zinayi zapitazo anadwala sitiroko yaing'ono, dzanja lamanja n'kufooka. Atachirako anapita ku Pamdima kawiri, ndipo ulendo wachiwiri anabwerako kachitini kali pafupifupi kopanda kanthu. Tinawapeza pakhonde ine ndi Isaki, mwana wawo wachiwiri, ali chikhalire osamanga kalikonse. Anati dzanja silikumveranso, Apongozi awamaliza, mitengo ija yawagonjetsa.

Isaki amayendetsa minibasi, ndipo ndi mtsogoleri wa abambo pa tchalitchi china cha Chipentekoste. Iye ndi atate ake anakhala zaka zambiri akukangana za Lamlungu. Isaki ankati munthu sangasiye nyumba ya Mulungu n'kukagwadira nsomba, amalume n'kuyankha kuti iwo amagwada nthawi yaitali kuposa mpingo wonse. Matenda aja anamufewetsa Isaki. Anafuna kuwachitira atate ake chinthu chachikulu iwo akali ndi maso. Ndiye anandikokera pambali nati tikawatsegulire malo, aziponya momasuka ndi dzanja lawo lofookalo. Maganizo anali ake, koma ine ndinavomera, ndipo sowo inali yanga. Isaki anali asanafikepo ku Pamdima. Ine ndinali nditafikako, nditaona ndi maso anga.

Loweruka lotsatira tinapita ndi abambo asanu ndi mmodzi a kutchalitchi kwake, titanyamula nkhwangwa ndi zikwanje. Anthuwo anagwira ntchito ndi mtima wonse, akuimba nyimbo zotamanda. Apongozi anagwa msanga ngakhale anatisiya manja ali magazi. Folomani anatitengera theka la tsiku. Atagwa, kuwala kunalowa m'dziwe ngati munthu wachotsa denga la nyumba, ndipo tinaomba m'manja.

M'nthambi zogwazo tinayamba kupeza ntchentche za amalume. Zinali paliponse, zina zadzimbiri, zina zatsopano, zina zitamezedwa ndi khungwa n'kungotsala kanthenga. Tinazithothola imodzi imodzi mpaka zinafika theka la chipewa cha Isaki. Tinasangalala ngati anthu amene agwira wakuba n'kulanditsa katundu yense.

Mawa lake, Lamlungu, Isaki anajomba mapemphero a masana kwa nthawi yoyamba, nawatenga atate ake pa minibasi yake. Sitinawauze kanthu. Anatsogola okha ndi ndodo m'manja, ife pambuyo tikukodolana. Atafika pamene ankayambira kukwawa, anaima. Panalibe chokwawira kuseri kwake. Dzuwa linali lili phwee pamadzi, pansi pa dziwe pakuoneka mchenga ndi timiyala, mwala uja uli poyera ngati tebulo.

"Tate, manje mungaponye mwamene mufunira," anatero Isaki. "Palibenso chokugwirani." Kenako anawapatsa chipewa chija.

Amalume anayang'ana m'chipewamo nthawi yaitali. Anatolamo imodzi yobiriwira, naitembenuza ndi chala chazipsera chija. Sanayang'ane mwana wawo. Anayang'ana ine, ndipo analankhula motsitsa, mawu amene ndinali ndisanawamvepo pakamwa pawo.

"Yosefe, ichi n'chiyani?"

"Mbozi, amalume."

"Mbozi imakhala kuti?"

Ndinayang'ana zitsa.

"Nanga nsomba ikhulupirira bwanji kuti yagwa kuchokera kumwamba kopanda kanthu?"

Anabweza mboziyo m'chipewa, nakulunga chingwe, nasolola zidutswa za ndodo. Pobwerera anauza Isaki kuti akathokoze abambo aja chifukwa cha thukuta lawo, ndipo Lamlungu lotsatira anapita okha kutchalitchiko kukawagwira chanza. Akanatitukwana zikanapepuka.

Nyerere, mbozi, chiwala: zonse zimene ankamanga pakhonde paja zinali zinthu zakugwa m'mitengo. Ndinaziona kwa zaka zambiri osaphatikiza. Mitengo yowalanda ntchentche ndi yomweyo inkadyetsa nsomba, kuziziritsa madzi, ndi kubisa dziwe kwa anthu ena onse. Kutukwana kwawo kunali ngati kudandaula kwa aNaZulu za amuna awo, kumene mlendo yekha ndiye angakumve ngati pempho loti banja lithe.

Zotsatira zake sizinachedwe. Chilimwe chomwecho madzi anatentha n'kuchita ndere. Malo ataonekera, anthu anabwera ndi maukonde a udzudzu n'kukokolola ndi timwana tomwe. Mvula itagwa, gombe lopanda mizu linagumukira m'dziwe. Kenako mwini dimba la pafupi anaikapo pampu yothirira repu ndi matimati. Palibe amene analakwa pa anthu amenewa. Anangolowa pakhomo limene ife tinatsegula.

Ndodo inakwera pamwamba pa kabati. Pulayala inabwerera m'bokosi la zitsulo, ndipo atambala a aNaZulu anayamba kufika pa Khirisimasi ndi makosi athunthu, koma mwiniwake sanasangalale nazo. Anandiuza kuti nyumba yazizira, akulakalaka munthu woti akangane naye. Amalume anasiya kufuula. Moni wawo unkangofika kwa amene wapatsidwa.

Mvula yotsatira itayamba, anayambanso kukwera minibasi ya ku Shimabala. Ankadula nthambi za mkuyu zonenepa ngati mkono n'kukazizika m'mphepete mwa dziwe. Mbewu za katope ankafesa kuseri kwa nyumba m'mabotolo odulidwa. Ngakhale kankhande anakamufuna n'kumubzala pamalo pake penipeni. Mtengo uliwonse anautchingira ndi minga chifukwa cha mbuzi. Anakangana ndi mwini dimba uja, amene ankaopa kuti mthunzi udzamuphera repu, mpaka anagwirizana kuti tsidya la dimba abzale itatu yokha. Chilimwe ankatunga madzi m'dziwe lomwelo n'kuthirira ndi dzanja lamanzere. Anali ndi zaka zopitirira makumi asanu ndi awiri, ndipo ankadziwa bwino kutalika kwa nthawi imene mkuyu umatenga.

Isaki anapita kukapepesa pamodzi ndi abusa ake. Amalume anamuuza kuti palibe mlandu, mwana amene sanaone malo sangadziwe chimene wadula. Awiriwo anagwirizana kuposa kale. Kwa ine sananene chilichonse. Ankandilola kuwaperekeza ndi kunyamula chigubu, ankandilozera pothira, ankandigawira mbatata yawo yootcha. Tsiku lina titakhala pa chitsa cha Folomani ndinayamba kupepesa. Analoza khutu lawo n'kupukusa mutu kuti sakumva. Amalume ankamva zimene afuna kumva. Sindinayesenso, ndipo mwina pamenepo ndinalakwanso kachiwiri.

Anadwala chibayo m'nyengo yozizira ya chaka chatha, atabwerako kothirira mathalauza ali chinyowere. Anagona masiku asanu ndi limodzi. Ndinkapita tsiku lililonse ndikaweruka, ndikuyembekeza kuti anena kanthu. Ankangofunsa ngati mbuzi sizinathyole mpanda.

Ndiye Loweruka lapitali aNaZulu, ataona kuti manja anga sakutambasuka, anaika okha ndodoyo pamaondo panga. Pamwamba pake anaikapo kachitini ka polishi.

"Anati ndisakupatseni pamaliro, papite chaka," anatero. "Ati muzikathirira. Ndipo ati musaimasule mpaka mthunzi ukafike pamwala, masana dzuwa lili pamutu. Ukafika, muyambe ndi mbozi."

Ndinafunsa ngati ananena zokhazo.

"Imwe aYosefe, amalume anu munawadziwa. Mumafuna akulembereni kalata?"

Ndinatsegula kachitini. Munali ntchentche imodzi yokha, yobiriwira, yomangidwa mokhotakhota ndi dzanja losamvera. Mbedza yake inali yatsopano.

Mawa lake ndinapita ku Pamdima. Ndodo ndinaisiya kunyumba, ndinatenga chigubu. Dzinalo silikuyenerabe malowo. Dziwe lachepa, mbali imodzi ladzaza mchenga, ndipo paipi yakuda ya pampu yagona m'madzi ngati njoka yakufa. Pa mitengo khumi ndi inayi imene anabzala, yatsala isanu ndi inayi. Mikuyu iwiri yandipitirira msinkhu, ndipo chitsa cha Folomani chaphuka nthambi zowirira kuzungulira pamene sowo yanga inadutsa. Kankhande wamng'ono uja anandikola malaya paphewa ndikuwerama kuti ndimuthirire. Ndinadzikolola pang'onopang'ono. Sindinamutukwane, ufulu umenewo sindinaupeze.

Ndinadikira mpaka dzuwa linafika pamutu. Mthunzi unatsika gombe, unalowa m'madzi, n'kuima. Kuchokera pamene unaima kufika pamwala panatsala mtunda wokwana ndodo ija kawiri. Ndili ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri, ndipo maondo anga ayamba kale kulira ndikamakwera masitepe.

M'kamthunzi kochepako munali timatemba tingapo, tonse titaunjikana m'mphepete, mitu italoza kumtunda. Kumunsi kwa dziwe, kuseri kwa pamene panali Apongozi akale, madzi osefukira sanafikeko. Pali timaenje tiwiri m'dothi louma, totalikirana ngati maondo a munthu wamfupi. Mwadzaza masamba a mkuyu.